Tisanaloze chala tizilombo: chilonda cha shuga chikakana mankhwala

Mu June 2002, ku Michigan m'dziko la United States, madokotala anapeza chimene akatswiri anakhala akuchiopa kwa zaka zambiri: bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus wosamva ngakhale vancomycin, mankhwala amene ankadaliridwa ena onse akalephera. Wodwalayo anali ndi matenda a shuga, impso zake zinali zitasiya kugwira ntchito moti ankasefedwa magazi ndi makina, ndipo anali ndi chilonda chosapola kuphazi. Anali atalandira maantibayotiki kambirimbiri, kuphatikizapo vancomycin yemweyo. M'chilondamo munkakhalanso kachilombo kena, Enterococcus faecalis, kamene kanali kale ndi jini yokana vancomycin yotchedwa vanA, ndipo ofufuza anaona kuti Staphylococcus uja anatenga jiniyo kwa mnansi wakeyo. Chaka chisanathe, wina wotere anapezekanso ku Pennsylvania, ndipo nayenso anachokera m'chilonda chakale cha kuphazi.

Sizodabwitsa kuti zinachitikira kuphazi. Chilonda cha munthu wa shuga chimakhala miyezi chili chotsegula, mitundu ingapo ya mabakiteriya imakhala mothithikana m'menemo, magazi amafikako movutikira, ndipo mankhwala amabwera mobwerezabwereza koma pamlingo wochepa: okwanira kupha tofooka, osakwanira kupha tolimba. Wofuna kuweta dala tizilombo tosamva mankhwala sangapeze khola loposa limeneli.

Komabe cholakwika chimene chimachitika tsiku ndi tsiku n'china. Chilonda chikangokana kupola, chala chimalozedwa pa tizilombo: mankhwalawa sakugwira, tisinthe. Amasinthadi, kachiwiri, kachitatu. Pamenepo n'kuti chimene chikutsekereza kwenikweni chili mafinya amene sanatulutsidwe, mnofu wakufa umene sunachotsedwe, fupa limene lagwidwa, mtsempha wa magazi umene watsekeka, kapena kungoti mwini phaziyo akupondabe pachilondacho. Maantibayotiki amathana ndi matenda olowa m'chilonda, koma sapoletsa chilonda. Ndipo kusintha mankhwala kongoganizira n'kumene pamapeto pake kumabala tizilombo tosamva tija tinkanamiziridwa poyamba.

Kukula kwa nkhaniyi n'kosavuta kukuona. Bungwe la International Diabetes Federation linawerengera kuti mu 2021 akuluakulu 537 miliyoni padziko lonse anali ndi shuga. Mwa odwala 100 alionse, pakati pa 19 ndi 34 amadzakhala ndi chilonda cha kuphazi nthawi ina pamoyo wawo, ndipo zoposa theka la zilondazo zimalowedwa matenda. Njira yake ndi yodziwika: shuga wokwera kwa zaka amapha minyewa ya kumva, phazi limachita dzanzi, kamwala ka m'nsapato kapena khungu lokhuthala louma la pansi pa chala chachikulu limaboola mnofu mwiniwake osamva kanthu. Shuga yemweyo amachepetsa mitsempha ya magazi ya m'munsi mwa bondo, komanso amafooketsa maselo oyera a m'magazi amene akanameza mabakiteriya.

Chilonda chilichonse chili ndi tizilombo

Mukapukuta chilonda chilichonse chotsegula ndi kathonje n'kutumiza ku labotale, chinachake chimera. Zimenezo sizitanthauza kuti chilondacho chili ndi matenda. Khungu lathanzi nalonso lili ndi mabakiteriya ake, ndipo akapeza malo otsegula amakhalapo ngati alendi basi. Matenda amadziwika ndi maso ndi manja, osati ndi pepala la ku labotale. Malangizo amene mabungwe a IWGDF (loona za mapazi a odwala shuga) ndi IDSA (la akatswiri a matenda oyambitsidwa ndi tizilombo ku America) anatulutsa limodzi mu 2023 amati pakhale zizindikiro ziwiri kapena kuposerapo mwa izi: kutupa kapena kulimba kwa mnofu, kufiira kopitirira theka la sentimita kuchokera m'mphepete mwa chilonda, kupweteka, kutentha kwa pamalopo, ndi mafinya. Zikapanda kukwana ziwiri, maantibayotiki asaperekedwe, kaya a mapiritsi, a jekeseni kapena opaka. Sateteza chilonda choyera kuti chisadzatukusire, ndipo sachifulumizitsa kupola. Chimene amachita n'kusesa tizilombo tomva mankhwala n'kusiyira bwalo tosamva.

Matenda akatsimikizika, muyezo wake umafuna rula ndi cholembera. Kufiira kukakhala kosafika masentimita 2 kuchokera m'mphepete mwa chilonda, ndipo vutolo lili pakhungu ndi pansi pake pokha, amenewo ndi matenda aang'ono. Kukafika masentimita 2 kapena kuposa, kapena kwalowa mpaka ku mtsempha wokoka chala, m'nyama, molumikizira mafupa kapena m'fupa, ndi apakatikati. Amakhala aakulu thupi lonse likayamba kuyankha, ndiye kuti ziwiri mwa izi zilipo: kutentha kwa thupi koposa madigiri 38 kapena kochepera 36, mtima kugunda koposa ka 90 pa mphindi, kupuma koposa ka 20 pa mphindi, maselo oyera oposa 12,000 kapena ochepera 4,000.

Lembani mzere pakhungu pomwe kufiira kwathera, ndipo pambali pake mulembe tsiku ndi ola. Mawa lake mzerewo ukuuzani zoona kuposa kukumbukira kwa aliyense. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, choncho dalirani kuseri kwa dzanja: yerekezani kutentha kwa mapazi awiriwo, fufuzani pomwe kulimba kwathera, onani kunyezimira kwa khungu lotupa. Musayembekezerenso kuti wodwala adandaule ululu kapena atenthe thupi. Ambiri a dzanzi amafika ndi thumba la mafinya mkati mwa phazi akuseka, ndipo chizindikiro chokha n'chakuti shuga wakwera popanda chifukwa ndipo insulini wa masiku onse sakumutsitsa.

Chosokoneza china ndi phazi la Charcot, pamene mafupa a phazi la dzanzi amaphwanyika okha. Nalonso limatupa, kufiira ndi kutentha, kawirikawiri popanda chilonda. Kwezani mwendowo kwa mphindi 5 mpaka 10: kufiira kwa Charcot kumazilala, pomwe kwa matenda kumakhalabe. Anthu ambiri amamwa maantibayotiki milungu yathunthu pa phazi lofuna pulasitala.

Amene amakhala m'menemo

Chilonda chatsopano, mwa munthu amene sanamwe maantibayotiki posachedwa, chimagwidwa makamaka ndi Staphylococcus aureus ndi mabakiteriya a mtundu wa Streptococcus. Chikakhalitsa, chikazama, kapena mwiniwake akamwa mankhwala kangapo, mumabwera gulu lochokera m'matumbo ndi m'malo onyowa: Escherichia coli, Klebsiella, Proteus, Enterobacter, ndi Pseudomonas aeruginosa. M'mayiko otentha gulu lachiwirili limapezeka kwambiri kuposa m'mayiko ozizira. Pomwe pali mnofu wakuda wowola ndi fungo loipa pamakhalanso mabakiteriya osafuna mpweya, monga Bacteroides.

Kusamva kwake kumabwera m'njira zosiyana, ndipo kudziwa njirayo kumathandiza kuwerenga zotsatira za ku labotale. Staphylococcus aureus wosamva methicillin, amene amadziwika kuti MRSA, anapezeka koyamba ku England mu 1961, methicillin atangoyamba kumene kugwiritsidwa ntchito. Iyeyu ali ndi jini ya mecA imene imam'patsa puloteni ina yomangira khoma lake, PBP2a, imene mankhwala a m'banja la penicillin sangaigwire. Sikuti amaswa mankhwalawo ayi, wangosintha loko. N'chifukwa chake kuonjezera clavulanic acid sikuthandiza: co-amoxiclav, cloxacillin, cefalexin, ceftriaxone ngakhale meropenem, onse amabwerera pakhomo.

E. coli ndi Klebsiella amachita zina. Amapanga maenzaimu otchedwa ESBL, makamaka a mtundu wa CTX-M, amene amadula ceftriaxone, cefotaxime ndi anzake asanafike pogwira ntchito. Majini ake amayenda pa tizidutswa ta DNA totchedwa plasmid, timene mabakiteriya amapatsirana ngakhale asali a mtundu umodzi, ndipo plasmid imodzi imatha kunyamulanso kusamva ciprofloxacin, gentamicin ndi cotrimoxazole. Ndiye mankhwala amodzi akaperekedwa mosayenera, amasankha kachilombo kokana anayi. Pamwamba pa amenewa pali oswa ngakhale ma carbapenem (banja la meropenem), monga KPC, OXA-48 ndi NDM-1. Womalizayu analembedwa koyamba mu 2009. Zikafika pamenepo otsala ndi ochepa, ndipo ena mwa iwo, monga colistin, amaononga impso, zimene munthu wa shuga alibe zosinthira.

Pali kusamva kwina kumene labotale siingakuone. Mabakiteriya a m'chilonda chakale amadzimata pamnofu ndi pafupa m'kati mwa utomoni umene amapanga okha, wonga ndere za pamwala wa mumtsinje. Dzina lake ndi biofilm. A mkatikati mwake amakhala ngati ali m'tulo, sagawikana, ndipo maantibayotiki ambiri amapha bakiteriya amene akukula. Kachilombo komweko kakaikidwa m'mbale ya ku labotale kamafa msanga, pepala n'kunena kuti kakumva mankhwala, koma kuphazi osasintha kanthu. Mankhwala a biofilm ndi mpeni. Ndipo popeza imamerananso pakangopita masiku ochepa, kupala chilonda si ntchito ya kamodzi.

Kutenga sampulo

Apa m'pamene zinthu zambiri zimasokonekera, pa ntchito ya mphindi zisanu. Kathonje kopukutidwa pamwamba pa chilonda chosatsuka kamatola alendi a pamwamba, pomwe woyambitsa matenda ali pansi. Pepala limabwera ndi mayina anayi, awiri osamva chilichonse, ndipo wodwala amaikidwa pa mankhwala amphamvu olimbana ndi tizilombo timene sitinamulakwire.

Ndondomeko yoyenera ndi iyi. Ngati wodwala sali pangozi, tengani sampulo musanapereke mlingo woyamba wa mankhwala. Tsukani chilonda ndi madzi amchere a 0.9 peresenti, osati ayodini kapena mankhwala ena opha tizilombo, poti amenewo akapha zimene mukufuna kukameretsa. Chotsani khungu lokhuthala la m'mphepete, zoyera zoterera za pamwamba ndi mnofu wakufa, mpaka mufike pamnofu wotuluka magazi. Kenako tengani lumo lina latsopano, kapena kasupuni kopalira, mupale pansi pa chilondacho kapena mudulepo kachidutswa kakang'ono. Ikani m'botolo lopanda tizilombo, muthiremo madontho ochepa a madzi amchere kuti kasaume. Musaike mu formalin. Imeneyo ndi ya zokaunika pa maikulosikopu, ndipo imapha chilichonse. Botolo lifike ku labotale pasanathe maola awiri. Ngati pali thumba la mafinya, kuwakoka ndi sirinji kudzera pakhungu loyeretsedwa kumapereka sampulo yabwino kwambiri. Ngati kathonje n'kokhako kamene kalipo, tsukani ndi kupala kaye chimodzimodzi, kenako mukazungulize pamalo oyera okula sentimita imodzi mbali zonse kwa masekondi 5, mukukanikiza mpaka madzi a m'mnofu atuluke.

Pafomu lembani malo enieni, kuya kwake, ngati fupa likukhudzika, ndi maantibayotiki onse amene wodwala wamwa mwezi wapitawo. Fomu yongolembedwa kuti "chilonda" imabweza yankho lofanana nayo.

Zotsatira zimatenga maola 48 mpaka 72. Pambali pa mankhwala alionse pamakhala chilembo S, I kapena R. S ndiye kuti kachilomboko kakumva, R sikakumva. Chilembo I ambiri amachiwerenga ngati R, koma kuyambira mu 2019 bungwe la EUCAST la ku Ulaya, loika malamulo a kuyeza kumeneku, limachitanthauzira kuti mankhwalawo agwira ngati aperekedwa pamlingo wokwera. Funsani labotale yanu kuti imatsata malamulo ati.

Pali misampha ingapo papepalapo. Staphylococcus aureus akalembedwa R pa cefoxitin kapena oxacillin, ameneyo ndi MRSA, ngakhale dzinalo lisalembedwe. Akakhala R pa erythromycin koma S pa clindamycin, pemphani kuyeza kotchedwa D-test, chifukwa ena otere amayamba kukana clindamycin mankhwala ali mkati. Enterobacter cloacae amatha kuoneka S pa ceftriaxone tsiku loyamba, n'kudzutsa enzaimu yake ya AmpC patapita masiku. Enterococcus samva ma cephalosporin (banja la ceftriaxone ndi cefalexin) mwachibadwa, ndipo Proteus samva colistin mwachibadwa. Pamenepo palibe chachilendo choti n'kudzidzimuka nacho. Komanso si dzina lililonse lofunika kulithamangira. Corynebacterium ndi ma Staphylococcus ena a pakhungu akachokera pa sampulo ya pamwamba nthawi zambiri ndi alendi chabe. Ndipo ngati wodwala akuchira bwinobwino pa mankhwala amene pepala likuti kachilombo kamodzi mwa tinayi sikakuwamva, khulupirirani phazi, musasinthe.

Kusankha mankhwala zotsatira zisanabwere

Funso loyamba si lakuti mankhwala amphamvu ndi ati, koma lakuti munthu uyu ali ndi chifukwa chanji chokhalira ndi tizilombo tosamva. Zifukwa zake n'zodziwika: wamwa maantibayotiki miyezi yapitayi, anagonekedwa m'chipatala posachedwa, chilonda chakhalitsa, fupa lagwidwa, amasefedwa magazi, kapena anapezekapo kale ndi kachilombo kotere. Wopanda zonsezi, wa matenda aang'ono, amangofunika mankhwala olunjika pa Staphylococcus ndi Streptococcus: flucloxacillin kapena cloxacillin mamiligalamu 500 mpaka galamu imodzi kanayi patsiku, kapena cefalexin 500 kanayi patsiku, kwa wamkulu wa impso zabwino. Kumuyambitsa wotereyu pa ceftriaxone kapena ciprofloxacin n'kuononga chida chimene adzachifuna mtsogolo. Mndandanda wa AWaRe umene bungwe la WHO linakhazikitsa mu 2017 umaika awiriwa m'gulu loyenera kusamala nalo pa chifukwa chomwechi.

MRSA akaganiziridwa kapena kutsimikizika pa matenda aang'ono, mapiritsi alipo: doxycycline mamiligalamu 100 kawiri patsiku, cotrimoxazole 960 kawiri patsiku, clindamycin ngati D-test yalola, kapena linezolid 600 kawiri patsiku. Pa matenda aakulu ndi vancomycin wa m'diripi, kapena teicoplanin, daptomycin, linezolid. Pa ESBL yotsimikizika m'matenda apakatikati kapena aakulu, odalirika ndi ertapenem galamu imodzi kamodzi patsiku kapena meropenem galamu imodzi katatu patsiku. Kumbukirani kuti ertapenem sagwira Pseudomonas. Pseudomonas yemweyo asathamangiridwe mwa aliyense: malangizo a 2023 aja amati aganiziridwe pa chiyambi ngati anamera pachilondacho milungu ingapo yapitayo, kapena pa matenda apakatikati ndi aakulu m'madera amene ndi wofala, ndipo anatchula Asia ndi kumpoto kwa Africa. Bandeji yobiriwira ngati yathiridwa utoto imamuloza, koma siitsimikiza kuti ndiye akudya mnofu.

Zotsatira zikabwera, chepetsani. Amene anayamba ndi mankhwala awiri a m'diripi, pepala n'kuonetsa Staphylococcus womva cloxacillin, abwerere pa cloxacillin tsiku lomwelo. Ambiri amaopa kutsika, amati poti akuchira tisagwedeze. Mantha amenewa ndi amene amadzaza mawodi ndi ESBL.

Tsono munthu wa shuga sabwera ndi phazi lokha, amabwera ndi thumba la mapiritsi ena, ndipo apa pali ngozi zenizeni. Cotrimoxazole amakweza potaziyamu, makamaka mwa amene akumwa enalapril, lisinopril, losartan kapena spironolactone. Yezani potaziyamu ndi creatinine (woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) m'masiku oyambirira. Amathanso kugwetsa shuga mwa amene ali pa glibenclamide, ndi kukulitsa mphamvu ya warfarin. Ciprofloxacin amasokoneza shuga mbali zonse ziwiri ndipo amatha kudula mtsempha wa kuchidendene, makamaka mwa okalamba ndi omwa ma steroid. Iyeyu ndi doxycycline amamangidwa m'mimba ndi mapiritsi a ayironi, a kashiamu ndi a chilungulira, moti salowa m'magazi mokwanira. Ciprofloxacin amwedwe maola 2 zinthuzi zisanamwedwe kapena maola 6 pambuyo pake. Odwala ambiri otchedwa osamva mankhwala amakhala akungomwera pamodzi ndi mapiritsi oonjezera magazi. Linezolid akapitirira milungu iwiri amatsitsa maselo oundanitsa magazi, choncho magazi ayezedwe mlungu uliwonse, ndipo sagwirizana ndi mankhwala ena a matenda a nkhawa monga fluoxetine. Vancomycin ndi gentamicin amafuna kuyeza impso asanayambe ndi ali mkati. Rifampicin asaperekedwe yekha, chifukwa Staphylococcus amamuzolowera m'masiku ochepa. Metformin aimitsidwe kaye wodwala akadwalika kwambiri kapena muyezo wa ntchito ya impso (eGFR) ukatsika pansi pa 30, insulini agwire ntchito m'malo mwake.

Kutsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake pachilonda, kapena kupaka mafuta a maantibayotiki miyezi, sikufika pomwe pali matenda. Kumangophunzitsa a pamwamba aja.

Masiku atatu apita, phazi silikusintha

Mafunso ali ndi ndondomeko yake, ndipo la kusamva mankhwala si loyamba.

Yambani ndi mafinya. Pansi pa phazi pali zipinda za mnofu zotchingidwa ndi nembanemba zolimba, ndipo mafinya amayenda m'menemo motsata mitsempha ya zala kulowera kuchidendene. Kachilonda ka pachala kangaoneke kakang'ono pamene mkati mwawola mpaka pakati pa phazi. Kanikizani pakati pa phazi muone ngati mafinya akutulukira kuchilonda. Ululu mwa munthu amene kale sankamva kanthu, matuza, khungu lofiirira ngati lapsa, kapena kuthetheka kwa mpweya pansi pa khungu mukakanikiza, zonsezi ndi za dokotala wa opaleshoni lero lomwe. Malangizo amati matenda apakatikati ndi aakulu okhala ndi mnofu wakufa achitidwe opaleshoni m'maola 24 mpaka 48. Palibe mankhwala amene amalowa m'thumba la mafinya n'kuliumitsa.

Kenako fupa. Tengani kachitsulo kosathwa, kophedwa tizilombo, mukalowetse pang'onopang'ono m'chilonda chopalidwa. Mukamva chinthu cholimba chokhecha, ngati mwagunda mwala, mwafika pafupa, ndipo m'chilonda chotukusira zimenezi zimaloza kwambiri kuti fupalo lagwidwa. Chala chotupa chonse ngati soseji chimalozanso komweko, monganso ESR (muyezo wa magazi woonetsa kutupa m'thupi) yoposa 70. X-ray ijambulidwe, koma dziwani kuti fupa limatenga milungu iwiri kapena itatu lisanaonetse kudyeka, ndiye yoyamba ikaoneka yoyera ibwerezedwe. MRI imathandiza pokayikitsa. Sampulo ya fupa itengedwe pa opaleshoni kapena kudzera pakhungu labwino, osati kupyolera m'chilonda, chifukwa zomera pamwamba kawirikawiri sizifanana ndi za m'fupa. Ngati wodwala sali pangozi, kuimitsa maantibayotiki kwa masiku angapo, mwinanso mpaka milungu iwiri, sampuloyo isanatengedwe kumathandiza kuti kachilombo kenikeni kamere.

Chachitatu ndi magazi, ndipo ichi n'chimene chimaiwalika kwambiri. Mankhwala, kaya amwedwa kaya abayidwa, amayenda ndi magazi. Kumene magazi safika, ngakhale meropenem safika. Fufuzani kugunda kwa mitsempha pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo wa mkati. Yezani kuthamanga kwa magazi pakakolo mukugawe ndi kwa pamkono: yankho likakhala pansi pa 0.9 mitsempha yachepa, koma likapitirira 1.3 musakondwere, ndiye kuti mitsempha yauma ndi kashiamu ndipo muyezowo ndi wonama, muyeze pachala m'malo mwake. Kuthamanga kochepera 50 mmHg pakakolo kapena kochepera 30 pachala kukutanthauza kuti wodwalayo aonane mwachangu ndi dokotala wa mitsempha ya magazi. Phazi lokhala ndi matenda ndi kuchepa kwa magazi pamodzi ndi limene limadulidwa kwambiri.

Ndiye kuponda. Chilonda cha pansi pa phazi chimene chikusenza thupi lonse pa sitepe iliyonse sichingatseke, ndipo kuponda kumakankhira mabakiteriya mkati. Chida chabwino koposa ndi pulasitala kapena jombo yofika m'bondo yosavulika, koma pa matenda apakatikati kapena aakulu, kapena matenda ophatikizana ndi kuchepa kwa magazi, pafunika yovulika kuti chilonda chizionedwa kawirikawiri. Funsaninso mosakalipa mmene mapiritsi akumwedwera. Kanayi patsiku n'kovuta, ndipo ambiri amamwa kawiri osanena. Onani shuga. Zonsezi zikayankhidwa, apo m'pamene mungatenge sampulo yatsopano ya mnofu n'kufunsa ngati kachilombo kasintha.

Kutalika kwa mankhwala

Chizolowezi chopitiriza maantibayotiki mpaka chilonda chitseke n'chimene chaononga kwambiri. Chilonda chimatha miyezi itatu chisanatseke, pomwe matenda ake anatha pa tsiku la 10. Pa matenda a khungu ndi mnofu, mlungu umodzi kapena iwiri ndi yokwanira. Apakatikati ndi aakulu amene apalidwa pa opaleshoni, masiku 10. Milungu itatu kapena inayi ndi ya matenda otambalala amene akuchira mochedwa, kapena a phazi loperewera magazi kwambiri. Milungu inayi ikatha zizindikiro zilipobe, musaonjezere masiku, bwererani ku mafunso aja. Pa fupa: milungu 6 ngati silinadulidwe, mpaka milungu 3 ngati ladulidwa koma m'mphepete mwa lotsala mwamera tizilombo, ndi masiku ochepa chabe ngati lodwala lonse lachotsedwa ndipo mnofu wozungulira ndi woyera. Fupa limatchedwa kuti lachira pakatha miyezi 6 mankhwala atasiyidwa popanda kubwereranso. Muyezo wosiyira mankhwala ndi kutha kwa kutupa, kutentha, kufiira ndi mafinya, osati kutseka kwa khungu.

Tizilombo tambiri tosamva sitibadwira m'phazi la wodwalayo, timachita kubweretsedwa, ndipo malo ake ndi chipinda chomangira mabala. Lumo limodzi pa odwala atatu, botolo la madzi otsukira lotsegulidwa dzana, beseni lonyikamo mapazi, magolovesi amene agwira bandeji yakale kenako n'kugwira yatsopano. Pseudomonas amakonda masinki, mabeseni, ngakhale mabotolo a mankhwala otsukira osungunulidwa amene amangothiridwa ena pamwamba osatsukidwa. Kunyika phazi la shuga m'madzi kulekeke, kumafewetsa khungu n'kutsegula njira. Manja apakidwe sanitaiza kwa masekondi 20 mpaka 30, kapena asambidwe ndi sopo kwa masekondi 40 mpaka 60, musanagwire wodwala ndi mukamaliza, ndipo magolovesi salowa m'malo mwa zimenezi. Zitsulo zitsukidwe kaye kuchotsa magazi ndi mnofu, kenako zilowe mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi. Nthunzi siipha bwino zimene zabisala pansi pa litsiro louma. Wodwala wodziwika kuti ali ndi MRSA, ESBL kapena oswa carbapenem amangidwe bala pomalizira, pamalo pake papukutidwe asanakhalepo wina.

Pomutulutsa, mulembereni papepala loti azisunga yekha: dzina la kachilombo kamene kanamera, tsiku, sampulo inachokera pati, mankhwala amene kanamva ndi amene kanakana, amene analandira ndi masiku ake. Mwa anthu 100 amene chilonda chawo chapola, pafupifupi 40 amakhala ndi china chaka chisanathe, ndipo pafupifupi 65 pasanathe zaka zisanu. Tsiku limene adzabwere ndi phazi lotupa usiku, mwina kuchipatala china, woyang'anira adzayenera kusankha mankhwala maola 48 labotale isanayankhe, ndipo MRSA kapena ESBL wa chaka chatha ndi amene adzamuuze poyambira.